Mawu Amene Tinkamvera ku Kasina

Ife amene tinabadwa nkhondo ya Hitler itangotha tinakula uthenga ukuyenda ndi miyendo. Kuno ku Kasina, m'dera la Mfumu Kaphuka, maliro akagwa usiku anyamata ankadzutsidwa tambala asanalire, wina n'kulunjika ku Linthipe, wina n'kudula madambo kupita cha ku Nkhoma, kukauza abale kuti kwagwa zovuta. Msonkhano wa kwa anyakwawa ankaulengeza madzulo, munthu ataima pachulu n'kumakuwa. Nthawi tinkaidziwira kudzuwa ndi kubelu la ku mishoni. Zakutali zinkabwera m'kalata, ndipo makalata a m'mudzi mwathu ankafikira ku mishoni komweko. Lamulungu Misa ikatha tinkaima panja pa tchalitchi kumvera mayina akuitanidwa.

Bambo anga ankagwira ntchito ku Halale, ndipo mayi sankadziwa kuwerenga. Kalata ikabwera ankaimanga pansonga ya nsalu n'kupita nayo kwa aphunzitsi. Taganizani, inu a masiku ano: mawu a mwamuna kwa mkazi wake, za ndalama, za ngongole, za kusowana, zonsezo zinkadutsa pakamwa pa munthu wachitatu. Poyankha chimodzimodzi. Mayi ankanena zokhazo zimene mlendo angamve iwo osachita manyazi, zotsalazo ankameza. Nditayamba kudziwa zilembo ntchitoyo inagwera ine, ndipo ndinaona kuti pamaso pa mwana wawo ankameza zambiri kuposa pamaso pa aphunzitsi.

Wailesi yoyamba imene ndinaiona inali ya aphunzitsi omwewo. Inali yobulungira, yobiriwira mwa mtambo, ndipo thupi lake linali sefuliya yeniyeni yopanda chogwirira. Azungu ankaitcha Saucepan Special. Inapangidwa ndi kampani ya Ever Ready ku Britain, inayamba kugulitsidwa mu 1949, ndipo amene anailimbikira anali Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, amene ankafuna wailesi yoti munthu wakuda angakwanitse kugula. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake mashilingi 25. Batirelo linali chibokosi cholemera chimene wailesiyo inkakhalapo. Ndalama zimenezo sizinali zamasewera kwa mlimi wa chimanga ndi nyemba, choncho mudzi wonse unkadalira wailesi imodzi. Mawu ankachokera ku Lusaka, ku Central African Broadcasting Station, imene inkaulutsira maiko atatu, ndipo Chinyanja chinali ndi nthawi yake pakati pa Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona ndi Chindebele. Kumeneko n'kumene tinamvera a Alick Nkhata akuimba ndi gitala. Waya wa eriyo unkakwezedwa pansungwi yaitali, ndipo mwana aliyense ankadziwa kuti kukhudza nsungwi imeneyo n'kuputa mkwapulo.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi kamvedwe kake. Amuna ankakhala pakhonde, amayi chapatali pang'ono pamphasa, ife ana pansi pafumbi, m'miyezi ya June ndi July titafunda nsanza chifukwa kuzizira kwa kuno simufuna kuuzidwa. Nkhani zikamawerengedwa panalibe wotsokomola. Zikatha aphunzitsi ankatseka msanga posunga batire, ndipo apo mpamene nkhani zinkayambira. Amalume anga ankafunsa kuti, "Kodi wanena zimenezi ndi ndani, ndipo wamutuma ndani?" Anali masiku a Chitaganya, chimene chinayamba mu 1953, ndipo akuluakulu ankadziwa kuti wailesiyo ndi ya boma limene iwo sankalifuna. Nyimbo ankazilandira ndi manja awiri, koma nkhani ankazipeta kaye. Pa 3 March 1959, boma litalengeza za ngozi m'dziko ndi kumanga Dr. Banda, zimene wailesi inanena ankaziyerekeza ndi zimene ankanena anthu otsika basi pa Linthipe. Funso la amalume lija ndakhala nalo moyo wanga wonse, ndipo palibe makina amene abwera amene alithetsa ntchito.

Ufulu utabwera mu 1964 tinakhala ndi MBC yathu ku Blantyre, ndipo mu 1968 chinenero chathu chinayamba kutchedwa Chichewa pa wailesi ndi m'sukulu. Mawailesi anachepa thupi, anatsikanso mtengo. Kunabwera ya Nzeru, yopangidwa m'dziko momwe muno, yoyendera miyala ing'onoing'ono yogula pagolosale. Mnyamata wochokera ku Wenela ankatsika ndi sutikesi, njinga ndi wailesi, ndipo popita kukafunsira mbeta wailesiyo inkapita nawo itavekedwa kansalu koluka. Ine yanga ndinagula nditagulitsa kachewere. Miyala ikafooka tinkaiyanika padzuwa kapena kuiika pafupi ndi moto kuti itipatseko madzulo amodzi, ndipo m'nyumba zambiri bambo ankaichotsa n'kuiika m'thumba akamapita kumunda.

Wailesi imeneyo inatiphunzitsa zambiri, ndipo sindifuna kuti wina aichepetse. Alangizi ankasonkhanitsa alimi kumvera Bwalo la Alimi, kenako n'kukambirana za mizere ndi feteleza. Kunali Nkhani za M'maboma, Zokonda Amayi, ndi sewero la Kapalepale limene linkachititsa amayi kuphika msanga kuti asaphonye. Mu 1978, timu yathu itagonjetsa Zambia n'kutenga chikho cha East and Central Africa, tinali titaunjikana pa wailesi imodzi kuseri kwa sitolo, ndipo a Kinnah Phiri tinkawadziwa ngakhale panalibe mmodzi mwa ife amene anawaonapo nkhope. Mu May 1989 amene sanathe kupita kukaona Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamumvera m'nyumba zawo, ena atagwada.

Koma pulogalamu imene inalowa m'magazi mwathu inali ya mauthenga achisoni. Nthawi yake ikakwana nyumba yonse inkakhala chete. Woulutsa ankawerenga pang'onopang'ono: dzina la womwalira, mudzi, mfumu, boma, kumene wamwalirira, tsiku loika, ndi mayina a abale amene akuyenera kumva. Munthu wa ku Dedza akamwalira ku Nchalo kapena ku Mzuzu, uthenga umene kale ukanayenda mlungu wathunthu unkafika tsiku lomwelo. Ndipo unali udindo. Ukamva dzina la mudzi woyandikana nawo sunkadikira kuti eni ake amva okha, unkatenga njinga kapena tochi n'kupita. Ukafika sunkangolankhula uli chiimire. Unkaodira, kukhala pansi, kufunsa mmene aswerera, kuitanitsa mwinimbumba, kenako n'kunena. Uthenga unkabwera pamakina, koma pakhomo la wofedwa unkalowa ndi munthu wodziwa mwambo.

Nanga choipa chake? Dziko lonse linali ndi pakamwa pamodzi. Wailesi yakanema kunalibe. Kamuzu ankalankhula Chingerezi, womasulira n'kumatipatsa m'Chichewa, poyamba a John Msonthi, pambuyo pake a John Tembo a kwathu konkuno ku Dedza, ndipo zimene zanenedwa pamenepo ndiye zinali zoona za dziko. Mu May 1983 tinauzidwa kuti a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga afa pangozi ya galimoto ku Mwanza. Usiku umenewo pakhonde panalibe kukambirana. Aliyense anayang'ana pansi n'kukagona. Funso la amalume linali likadalipo, koma tsopano unkalifunsa mumtima, chifukwa sunkadziwa kuti mwa amene wakhala nawo ndani akakunenere kwa achiswe. Amene tinali ndi wailesi yokoka kutali tinkatseka chitseko, kutsitsa mawu, kuika khutu pasipika n'kumasaka BBC kapena wailesi ya ku Johannesburg imene inkaulutsanso m'chinenero chathu. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse, ndipo ife a pamishoni tinaimva ndi makutu athu. Masiku otsatira wailesi inkanyoza kalatayo, koma inachedwa, chifukwa anthu anali atamva kale mawu ake enieni. Pa 14 June 1993 tinavota pa riferendamu.

Zitatero makomo anatseguka motsatizana. MBC inatsegula wailesi yachiwiri mu 1997, wailesi yakanema inayamba mu 1999, chaka chomwecho Radio Maria inayamba ku Mangochi, Zodiak inabwera mu 2005, ndipo lero ngakhale ku Bembeke kuli wailesi. Munthu wa kumudzi anayamba kuimba foni n'kudzudzula phungu wake dziko lonse likumva. Tsiku loyamba kumva zimenezo ndinadzuka kukatseka chitseko, thupi lisanazolowere kuti nthawi yasintha.

Foni zam'manja zinalowa m'dziko muno ndi TNM mu 1995 ndi Celtel mu 1999, imene inadzakhala Zain kenako Airtel, koma kuno kumudzi zinatenga zaka kuti zifike m'matumba a anthu wamba. Tinayamba ndi timafoni tamabatani. Netiweki tinkaisaka pachulu kapena pamtunda wa kuseri kwa sukulu, mayunitsi tinkakanda pakakhadi, ndipo wopanda mayunitsi ankangoflasha kuti mwana wa ku tauni aimbe ndiye. Kutchaja kunali kwa mnyamata wa batire la galimoto pamsika, mpaka masola ang'onoang'ono atadzaza pamadenga. Airtel Money itayamba mu 2012 ndi Mpamba mu 2013, ndalama za feteleza zinasiya kuyenda m'envulopu ya kondakitala. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la mabanja m'Malawi linali ndi foni, pamene wailesi inali m'banja limodzi mwa atatu. Musanamizidwe kuti wailesi yafa. Yangosamukira m'foni momwemo.

Mwa zonse zimene foni yabweretsa, chimene ine ndimachilemekeza ndi uthenga wamawu wa pa WhatsApp. Mlongo wanga sanapite kusukulu. Mwana wake ali ku Cape Town. Mlongo wangayo amakanikiza chala pafoni, kulankhula zonse zakukhosi, kuseka, kudandaula, kudalitsa, n'kuchotsa chala, basi mawu apita. Yankho likabwera amalowa nalo m'nyumba n'kulimvera yekha, kawiri kapena katatu. Palibe mphunzitsi pakati, palibe mwana wowerenga. Nthawi zonse ndikamuona akuchita zimenezi ndimaganiza za akazi a nthawi ya matchona, amene anakalamba ndi mawu osanenedwa chifukwa chosadziwa zilembo. Anthu ophunzira amaona ngati kanthu kakang'ono. Kwa munthu wosawerenga ndi ufulu waukulu.

Za ma podcast ndinazidziwira kwa mdzukulu wanga wa ku koleji. Ndinamupeza akupalira ndi tizingwe m'makutu akuseka yekha, ndipo nditamufunsa anati, "Agogo, ndikumvera anthu akucheza." Anandipatsa kachingwe kamodzi. Anali anyamata a ku tauni atakhala ndi mlendo, akumufunsa za moyo wake m'Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, osathamanga, osadulidwa ndi nthawi ya nkhani. Anandifotokozera kayendedwe kake: anthu amajambula macheza awo, ena ndi foni chabe, n'kuwaika pa intaneti, pa YouTube kapena pa Spotify. Safuna nsanja kapena nyumba youlutsira. Womvera amagula bandulo, kukopera machezawo m'foni mwake, n'kumvera nthawi imene akufuna, kuimitsa, kubwereza. Kuno, kumene bandulo ndi yodula, mmodzi akakopera amagawira anzake pa Bluetooth kapena pa memori khadi. Ndinamvera mpaka kumapeto, ndipo ndinazindikira kuti chinthuchi si chachilendo. Ndi macheza a pabwalo, pamene amuna ankasoka mphasa wina akusimba za ku migodi ya ku Joni, kungoti bwalo ili likhoza kumveka ku Mzimba ndi ku London tsiku lomwelo.

Mdzukulu yemweyo amandionetsa zodabwitsa za pa intaneti madzulo akabwera ku tchuthi. Zambiri ndi zosekeretsa zimene mawa waiwala. Ziwiri zokha zinandikhala mumtima. Choyamba ndi nkhani ya a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, amene ife tinkawamvera pa MBC kalekale. Mu 2020 Patience Namadingo anaimba nawo limodzi, ndipo chakumapeto kwa 2021 nyimbo yawo ya Linny Hoo inafalikira pa TikTok mpaka kuonedwa koposa ka 80 miliyoni, anthu a maiko akutali akuivina. Iwo eni analibe foni yoonerapo zimenezo, anachita kuonetsedwa ndi achinyamata. Gogo wa zaka zoposa 90, woimba m'chinenero chathu, anamveka dziko lonse lapansi chifukwa mnyamata wina anaona kuti mawu awo ndi ofunika kuwajambulanso.

Chachiwiri ndi nyimbo zimene Hugh Tracey anajambula. Mzungu ameneyu anayenda m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ojambulira mawu, ndipo zimene anajambula zimasungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo lero ili ku Rhodes University ku South Africa. Zina zimamveka pa intaneti. Mdzukulu anandiikira nyimbo ya amayi akusinja, ndipo ndinamva kamvekedwe ka mtondo ndi kapumidwe ka mawu kamene ndinali nditasiya kukamva chiyambire zigayo. Misozi inatsika. Chimene chinandigwira kwambiri n'chakuti munthuyo ankalemba amene aimba, malo ndi chaka. Patapita zaka pafupifupi 70, mawuwo akadali ndi kwawo.

Apa mpamene pali dandaulo langa ndi foni. Tsiku lililonse m'magulu a WhatsApp mumagwa mauthenga amawu opanda mwini. Munthu sanena dzina, sanena kumene ali, koma akulumbira kuti wakuti waba, wakuti ndi mfiti, mankhwala akuti ndi akupha. Mphekesera sizinabwere ndi foni, zinalipo ife tili ana. Koma kale zinkatopa panjira, ndipo wozinena unkamuona nkhope. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Nthawi ya Covid-19 ndinaona anthu amsinkhu wanga akukana katemera chifukwa cha mawu a munthu amene sakumudziwa, pamene anamwino amene akhala akuwathandiza zaka zonsezi ali pafupi pompa. Ndipo funso la amalume lilibe polifunsira, chifukwa aliyense akumvera yekha, tizingwe tili m'makutu. Wailesi ya sefuliya inali ya atsamunda, koma tinkaimvera tili gulu, ndipo bodza linkakumana ndi anthu khumi nthawi imodzi.

China chimene chimandipweteka ndi maliro. Chaka chatha mayi wina wa m'mudzi woyandikana nafe anadziwa za imfa ya mwana wake poona chithunzi pafoni ya mnzake ali kuchigayo. Amene anajambula pamalo a ngozi anafuna kukhala woyamba kufalitsa. Ana anga, uthenga wa maliro uli ndi mwini, uli ndi khomo lolowera. Dikirani abale auzidwe. Chimodzimodzi za kudambwe ndi za kutsimba: Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ndipo wovina pabwalo mukhoza kumujambula eni ake akalola, koma zimene zili zobisika zili ndi eni, ndipo kukhala ndi foni sikukupatsani chilolezo.

Komabe sindili m'gulu la okalamba amene amati zonsezi zitayidwe. Ndikanakonda makina amenewa akanabwera msanga. Agogo anga aakazi ankadziwa nthano zosawerengeka, ankadziwa mayina a zitsamba zonse za m'phiri, ankasimba za njala ya 1949 ndi mmene anthu ankakumbira mizu, ankatchula mibadwo ya mbumba yathu mpaka kumene inachokera. M'zaka za makaseti ndinajambulako amalume akusimba za ulendo wawo wapansi wopita ku Halale, koma tepiyo inadyedwa ndi chinyezi. Lero ndikafuna kukumbukira mawu awo ndimapeza nkhani yokha, kamvekedwe kanapita. Ku Chongoni, pafupi pompa, makolo anatisiyira zojambula pamiyala m'malo 127, zimene UNESCO inaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Alendo amabwera kudzaziona, akatswiri amalimbana ndi matanthauzo ake, chifukwa amene anajambula sanathe kusiya mawu. Ife tikhoza kusiya.

Zimene ndamvako pa ma podcast a m'Malawi zambiri ndi za oimba, andale ndi amalonda a ku Lilongwe ndi Blantyre. Zili bwino, apitirize. Koma mbiri ya dziko lino siili m'tauni mokha. Kuno ku Kasina kukadali amuna amene anatsika m'migodi ya Wenela boma lisanaletse ulendowo ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Kuli amayi amene anavina pamaso pa Kamuzu ndipo ali ndi zonena zimene nthawi imeneyo sakananena. Kuli amene analandira othawa nkhondo ya ku Mozambique, azamba akale, akatekisiti, osula makasu, odziwa mbewu zamakolo zimene zikusowa. Chaka chilichonse timaika ena mwa iwo.

Tsono inu achinyamata a ku Kasina, a ku Linthipe, a ku Mayani ndi kwina konse kumene mukuwerenga izi, tchajani foni Loweruka likudzali mupite kwa agogo anu. Muwapemphe kaye, ndipo akakana musawakakamize. Akalola, yambani ndi kutchula dzina lawo, mudzi, mfumu ndi tsiku, mutchulenso dzina lanu. Funsani funso limodzi n'kukhala chete, musawadule pakamwa ngakhale asochere, ndipo musawakonzere Chichewa chawo. Mukatha musasunge pafoni imodzi yokha, chifukwa foni imagwa m'madzi ndipo imabedwa: tumizirani abale, ikani pa memori khadi, ndipo zimene eni ake alola muziike pa intaneti. Madzulo ake chotsani tizingwe m'makutu, ikani foni pamphasa, muitane banja lonse limvere pamodzi. Yambani ndi amene ali wamkulu kuposa onse m'mudzi mwanu.